Kupita ndi ana aang'ono kukatsetsereka pa chipale iwe kholo usakukonda chisanu

Nabanda: Moni nonse. Ndili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 6, wamng'ono wa zaka 3. Loweruka likubwerali akufuna tikatsetsereke pa chipale ndi sled (kangolo kopanda matayala kotsetsereka pachipale) ngati mmene amachitira anzawo akusukulu. Ine chisanu sindigwirizana nacho, ndikangoima panja mphindi 10 zala zakumiyendo zimayamba kupweteka. Koma sindikufuna kuwakaniza. Amene mukuzidziwa bwino zimenezi ndithandizeni: tivale chiyani, tigule sled yotani, tipite chitunda chiti muno mu Toronto ku Canada, ndipo tikhaleko nthawi yaitali bwanji?

Bambo a Yamikani: Achemwali, tiyambe ndi inuyo, ana tiwaona pambuyo. Pachitunda amene amazizidwa kwambiri ndi kholo. Ana amakhala akukwera ndi kutsika, thupi limatentha lokha, pomwe kholo limangoima pamalo amodzi manja m'thumba. Likazizidwa limayamba kufulumizitsa ana, ndiye ulendo umathera m'misozi.

Kupweteka kwa zalako nthawi zambiri n'kwa nsapato. Chisanu chimalowera pansi, kudzera m'soli yopyapyala. Pezani majombo a chipale a soli yokhuthala, okhala ndi chamkati chaubweya chochotseka, monga a Kamik kapena Sorel. Nambala imene amalembapo, -30°C kapena -40°C, musaikhulupirire kwambiri chifukwa amawerengera munthu amene akuyenda, osati woima. Muvale peyala imodzi yokha ya masokosi aubweya okhuthala. Ambiri amavala mapeyala awiri kapena atatu, jombo n'kuthina, magazi n'kulephera kuyenda bwino, phazi n'kuzizira kuposa poyamba. Mukavala muzitha kugwedeza zala zonse momasuka. Masokosi a thonje ayi, amamwa thukuta n'kukhala onyowa.

Jinzi muisiye kunyumba. Ndi ya thonje, mukangogwada pachipale kamodzi yanyowa, ndipo siiuma mpaka mubwerere. Gulani snow pants zanuzanu (mabuluku ofunda osalowa madzi), osati za ana okha.

Amake Tadala: Ndionjezere pa zimenezi. Musaime pamwamba pa chitunda, mpamene mphepo imaomba kwambiri. Muzikwera ndi kutsika limodzi ndi ana, mukokere wamng'onoyo pa sled pokwera. Mukakwera katatu mudzayamba kumasula zipi nokha.

Nabanda: Zikomo. Nanga ana ndiwaveke zingati? Ndimaopa kuti ndikachepetsa adwala.

Nasibeko: Amayi, kuchulutsa zovala nakonso kuli ndi vuto lake. Mwana akavala kwambiri amatuluka thukuta pokwera chitunda, akaima thukutalo limazizira pakhungu, basi wayamba kunjenjemera. Mfundo yake ndi yakuti mwana avale chovala chimodzi choonjezera pa zimene wamkulu angavale tsiku lomwelo.

Pakhungu penipeni: malaya ndi buluku zothina za thermal (zovala zamkati zofunditsa), za polyester kapena ubweya wa merino. Osati T-shirt ya thonje. Pamwamba pake juzi ya fleece. Kunja kwenikweni jekete ndi snow pants zosalowa madzi ndi mphepo. Kwa wa zaka 3 snowsuit (jekete ndi buluku zosokera pamodzi) ndi yabwino poti chipale sichilowa m'chiuno akagubuduzika, kungoti imavuta akafuna kuchimbudzi.

Ndondomeko yovalira imathandiza kwambiri, ndipo ambiri amaisokoneza. Choyamba onse apite kuchimbudzi, ngakhale akane. Inuyo muvale kaye n'kumaliza, chikwama chikhale pakhomo, kenako muveke ana. Mwana womuveka zonse n'kumudikiritsa m'nyumba yotentha mphindi 15 amatuluka atanyowa kale mkati. Mukamamuveka yambani ndi thermal, masokosi, snow pants, majombo, kenako magolovesi, jekete pambuyo. Magolovesi akalowa jekete isanavalidwe, mkono wa jekete umaphimba pamkono ndipo chipale sichilowa. Ngati magolovesiwo ndi aatali ofika pakati pa mkono okhala ndi kachingwe komangira, amenewo amavalidwa pamwamba pa jekete.

Kumunsi kwa snow pants kuli kansalu kamkati kokhala ndi lasitiki. Kameneko kamavalidwa kunja kwa jombo, osati kulowetsa mkati. Mukalowetsa mkati, chipale chimatsikira m'jombo n'kusungunuka.

Achisale: Pa magolovesi ndinene motsindika: gulani mittens, aja osagawa zala. Zala zikakhala pamodzi zimafunditsana. Magolovesi oluka a ku Dollarama ndi oyendera kuchokera pagalimoto kulowa m'sitolo, pachipale amanyowa m'mphindi 5. Mutenge mapeyala awiri pa mwana aliyense, ina ikhale youma m'chikwama. Chimene chimathetsa masewera msanga kwa ana aang'ono ndi manja onyowa.

Sikafu yaitali ayi. Imatha kukodwa pansi pa sled kapena pamtengo n'kumufinya mwana pakhosi. Pali neck warmer, kansalu kozungulira kongolowetsa m'mutu. Zingwe zolendewera pa hudi nazonso muzichotse.

Gama wa ku Brampton: Zovala zonsezi mukagula zatsopano ndalama zake n'zambiri. M'masitolo a kaunjika a Value Village ndi Once Upon A Child mumapezeka snow pants ndi majombo a ana abwinobwino, poti ana amakula asanazithe. Mukamagula zakale onani pamaondo ndi pamatako ngati nsalu siinapyapyale, yesani zipi, ndipo lowetsani dzanja m'jombo muone ngati chamkaticho sichinaphwatalale. Chisoti choteteza mutu chokha ndicho musagule chakale, simungadziwe ngati chinamenyedwapo.

Nabanda: Chisoti ndiye tili nacho cha njinga kwa onse awiri. Sichingakwane?

Gama wa ku Brampton: Chingakwane. Ana ambiri pachitunda savala n'komwe.

Mayi Nkhoma: Achimwene a Gama, apa ndikutsutsani pang'ono. Chisoti cha njinga chimaposa mutu wopanda kanthu, zimenezo n'zoona. Koma bungwe la madokotala a ana la Canadian Paediatric Society limalangiza chisoti cha masewera a ski kapena a hockey. Cha njinga chimayesedwa mpaka -10°C basi, ndipo chinapangidwa kuti chiteteze kamodzi: chikamenyedwa mwamphamvu chatha ntchito ngakhale kunja chioneke chabwino. Chilinso ndi mabowo ambiri olowetsa mphepo, ndiye kholo limaika chipewa chokhuthala pansi pake, chisoti n'kukhala pamwamba penipeni pa mutu, chipumi chili pamtunda. Cha ski chimafunda chokha ndipo chimaphimba makutu ndi kunkhongo.

Kayezedwe kake: zala ziwiri pakati pa nsidze ndi m'mphepete mwa chisoti, malamba akumane pansi pa khutu lililonse ngati chilembo V, ndipo pansi pa chibwano palowe chala chimodzi chokha. Mwana akagwedeza mutu chisoti chisaseweresewere. Pansi pake pakhale kachipewa kopyapyala kokha.

Ndipo kwa ife a tsitsi lathuli, ngati pali mtsikana: mikanda ndi timabola tapulasitiki muzichotse, zimadinda mutu akagwa. Tsitsi lomanga pamwamba limakweza chisoti. Mulukeni mizere yogona yopita kumbuyo, mfundo ikhale kunkhongo m'munsi. Mukapita kogula, mumuyeze ndi tsitsi limene adzakhale nalo tsikulo.

Gama wa ku Brampton: Za tsitsizo ndavomera. Komabe ngati Loweruka lafika cha ski chisanapezeke, avale cha njingacho, asapite opanda kanthu.

Mayi Nkhoma: Pamenepo tagwirizana.

Bambo a Yamikani: Tsopano sled. Ku Canadian Tire kapena Walmart mukapeza mitundu ingapo, ndipo ana adzaloza yolakwika.

Yozungulira ngati mbale ija imazungulira potsika, mwana amafika pansi chambuyo osaona kumene akupita. Chubu chopopa chimathamanga kwambiri, sichiwongoleka, ndipo chikagunda kachulu chimamuponya mwana m'mwamba. Crazy carpet, kapulasitiki kopyapyala kongopinda kaja, kalibe chotchinga chilichonse pakati pa thupi ndi mwala kapena ayezi. GT Snowracer ili ndi chiwongolero ndi buleki, ndi yabwino kwa ana okulirapo amene amamva malangizo, koma ndi yolemera ndipo ikagunda mwana wina imavulaza.

Inu gulani toboggan, sled yapulasitiki yaitali, pafupifupi mita imodzi ndi theka, ya m'mbali mokwera, zogwirira mbali zonse ndi chingwe kutsogolo. Mukwanamo inu ndi wa zaka 3. Wa zaka 6 mumugulire yake yaifupi yamtundu womwewo, apo ayi mkangano wolimbirana udzadya theka la nthawi yanu. Yang'anani pansi pake, pakhale timizere totalika, timathandiza kuti iziyenda molunjika. Pulasitiki yopyapyala kwambiri imasweka kukazizira, ndipo pong'alukapo pamacheka.

Amake Tadala: Kakhalidwe pa sled mpamene pagona nkhani. Mwana wosafika zaka 5 asatsike yekha. Inuyo mukhale kumbuyo, iye kutsogolo pakati pa miyendo yanu, miyendo yake yonse ili mkati mwa sled. Chimene chimathyola ana mwendo ndi ichi: kajombo kake katuluka kunja, kakodwa m'chipale, koma kulemera kwa wamkulu kukukankhabe sled kutsogolo, mwendo n'kupotoka. Ndiye musananyamuke onani mapazi ake onse awiri. Chingwe chikulungeni m'manja mwanu kapena muchikhalire, chisakokeke pansi.

Mabuleki ndi zidendene zanu. Mukakanda ndi chakumanja sled imakhotera kumanja, mukakanda zonse ziwiri imachepetsa liwiro. Muyambe kukanda liwiro lisanakule. Mukaponda mwamphamvu ili pa liwiro, chipale chimawazikira kumaso kwa mwana, ndipo ana ambiri a zaka 3 amakana kukweranso chifukwa cha zimenezi.

Wamkuluyo akhale tsonga miyendo kutsogolo, kapena agwade. Chafufumimba mutu kutsogolo ayi, ngakhale aone ana ena akuchita. Musanapite pamwamba mumuphunzitse pamalo athyathyathya zinthu ziwiri. Akaona kuti akulunjika mtengo kapena munthu, adzigwetsere chammbali n'kuisiya sled ipite. Akafika pansi adzuke msanga, ayang'ane kumtunda, achoke pakati, akwerere m'mbali mwa chitunda. Ngozi zambiri pachitunda chodzaza anthu zimachitika kwa mwana amene wangokhala pansi kumapeto akuseka, wina n'kumuomba kumbuyo.

Nabanda: Ndamva anthu akutchula Riverdale. Ndi pabwino?

Achisale: Riverdale Park East, cha ku Broadview Avenue, ndi pokongola, mzinda wonse umaonekera, koma ndi potsetsereka kwambiri ndipo Loweruka pamadzaza achinyamata othamanga. Si poyambira mwana wa zaka 3. Withrow Park, kummwera kwa msewu wa Danforth, ili ndi malo otsikirapo pang'ono amene amayenera ana aang'ono. Komanso musanyoze kachitunda ka m'paki yapafupi ndi kwanu. Kwa msinkhu umenewu kutsika kwa masekondi 6 kapena 8 n'kokwana, ndipo kwa inu amene simukonda chisanu, kukhala pafupi ndi nyumba n'kofunika kuposa kutalika kwa chitunda.

Pa webusaiti ya mzinda pali mndandanda wa zitunda zimene amaziyendera n'kuzivomereza, kapena imbani 311, nambala ya maofesi a mzinda. Mu January 2024 mzinda unaletsa kutsetsereka pa zitunda 45, anthu anadandaula, ndipo mu February khonsolo inachotsa chiletsocho n'kuika zikwangwani zochenjeza. Tanthauzo lake n'lakuti chitunda chopanda chikwangwani choletsa sindiye kuti n'chotetezeka. Muyeze nokha.

Mukafika yambirani pansi, osati pamwamba. Onani pamene sled ikathere: pakhale malo athyathyathya aatali, opanda msewu, poimika galimoto, mpanda, benchi, mtengo, mzati wa magetsi kapena dziwe. Dziwe looneka louma ndi ayezi musaliyandikire n'komwe, ayezi wa muno sadalirika chifukwa kumazizira n'kufundanso. Mitolo ya udzu imene amaika patsinde pa mitengo ikanyowa n'kuuma ndi chisanu imalimba ngati khoma, musaidalire. Kenako kwerani wapansi mukuyang'ana timachulu timene ana akuluakulu amaumba kuti azidumphira. Kukakhala mitambo timeneti sitioneka, zonse zimangooneka zoyera.

Bambo a Yamikani: Ndipo muone mtundu wa chipale. Chikagwa chatsopano chofewa, sled imayenda pang'onopang'ono ndipo kugwa sikupweteka. Koma kukafunda masana chipale n'kusungunuka pamwamba, usiku n'kuzizira, m'mawa chitunda chimakhala galasi. Chimodzimodzi pambuyo pa freezing rain, mvula imene imasanduka ayezi ikangogwa. Pondani ndi chidendene: chikalowa, pitirizani. Chikaterera kapena pakamanyezimira, bwererani, zidendene sizigwira pa ayezi ndipo chitunda chimene dzulo chinali chofatsa chimakufikitsani kumpanda. Ulendo woyamba muyambire pakati pa chitunda, muzikwera pang'onopang'ono mukaona pamene sled ikuimira.

Nasibeko: Za nthawi. M'mawa wa Loweruka tsegulani WeatherCAN, pulogalamu ya zanyengo ya pafoni, muone manambala awiri: kuzizira kwenikweni ndi wind chill, imene imasonyeza mmene khungu limamvera mphepo ikamaomba. Wind chill ikafika -27 kapena kutsika kuposa apo, ana asatuluke kukasewera. Kuyambira -28 khungu losaphimba limatha kuuma ndi chisanu m'mphindi 10 mpaka 30. Kwa ulendo woyamba ndi mwana wa zaka 3 ine ndingasankhe tsiku la pakati pa -1 ndi -8, la dzuwa, lopanda mphepo. Tsiku lotere limamveka bwino kuposa la 2°C la chinyezi ndi kamvula, limene limalowa m'mafupa ngati chiperoni cha ku Thyolo koma kuposerapo.

Mufike cha m'ma 11 koloko, ana atadya phala kapena china chokhutitsa. Mwana wanjala amazizidwa msanga. Mphindi 45 n'zokwana, ola limodzi likhale malire. Auzeni kunyumba kuti mutsika kangati kapena kuti alamu ya foni ikalira mukunyamuka, ndipo muchoke akadali osangalala. Mu January dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, ndiye maulendo a madzulo amathera mumdima ndi kuzizira kwadzidzidzi. Foni muisunge m'thumba lamkati, batire imatha msanga ikazizidwa.

M'chikwama: fulasiki ya tiyi wamkaka kapena chokoleti chotentha, makapu, mandasi kapena masikono, mittens ndi masokosi ouma, tishu yambiri ya mamina, kabulangete. Nthochi imada ikazizidwa, ana amaikana.

Amake Tadala: Kwa inuyo mugule timapaketi totenthetsa manja ta HotHands, ndi tina tomata pamasokosi. Mutitsegule muli m'nyumba, timafuna mpweya ndi mphindi zingapo kuti tiyambe kutentha. Kwa wa zaka 3 musamuike pakhungu kapena m'jombo, sanganene bwino kuti kakumuotcha.

Gama wa ku Brampton: Muwadzoze Vaseline wambiri kumaso, chisanu sichilowa.

Mayi Nkhoma: Vaseline amathandiza kuti masaya ndi milomo zisang'ambike, adzozeni ndithu. Koma safunditsa ndipo saletsa khungu kuuma ndi chisanu. Choopsa n'chakuti kholo limaganiza kuti mwana watetezeka n'kusiya kumuyang'ana. Chimene chimateteza ndi kuphimba.

Ndifotokoze zoyang'ana, chifukwa timapepala tambiri timanena za khungu lofiira kenako loyera, zimene pa ana athu sizioneka choncho. Pakhungu lakuda malo amene ayamba kugwidwa amatuwa, amaoneka mbuu kapena ngati phulusa, osiyana ndi khungu lozungulira. Mukakhudza pamakhala pozizira ndi polimbirapo, ndipo mwana amati pachita dzanzi kapena pakubaya. Malo ake ndi masaya, nsonga ya mphuno, makutu, zala. Muziona mphindi 15 zilizonse, ndipo muvule mitten mugwire zala zenizenizo. Mwana amene akusangalala sanena.

Mukaona zimenezi musatikite, musapake chipale, musayandikize pa hita kapena pachitofu, chifukwa khungu ladzanzi limapsa mwana osamva. Phimbani tsaya ndi chikhatho chanu chofunda, zala muziike m'khwapa mwanu, mulowe m'nyumba. Kunyumba viikani m'madzi ofunda a 37 mpaka 39°C, ngati osambitsira khanda, kwa mphindi 15 mpaka 30. Pofunda pamapweteka, zimenezo zimachitika. Pakatuluka matuza, pakakhalabe polimba, kapena dzanzi likapanda kutha, pitani kuchipatala. Mukakayika imbani 811 mulankhule ndi namwino.

Kuzizidwa kwa thupi lonse kumayamba ndi kunjenjemera. Mwana akayamba kupunthwapunthwa, kulankhula mosamveka, kuodzera, kapena kusiya kunjenjemera akadali wozizira, imbani 911, mumuvule zonyowa, mumufunditse. Ndipo akamenyetsa mutu, ngakhale ali ndi chisoti, masewera athera pomwepo. Kusanza, mutu wopweteka mopitirira, tulo tachilendo kapena kusokonezeka, ameneyo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Achisale: Kanthu kakang'ono: ana amakonda kunyambita zitsulo. Lilime likamatirira pamzati kapena pampanda musakoke. Thirani madzi ofunda, limamasuka lokha. Tiyi wa m'fulasiki musathire asanapole.

Nabanda: Tidzapita pagalimoto. Ndiwaveke zonse kunyumba?

Nasibeko: Pa car seat, mpando wa mwana wa m'galimoto, ayi. Jekete yokhuthala kapena snowsuit imapangitsa lamba kuoneka wothina pomwe sanathine. Pangozi nsaluyo imaphwatalala, pamatsala mpata, mwana amatha kuponyedwa. M'galimoto akhale ndi thermal ndi fleece, snow pants ngati si zokhuthala kwambiri, mumange lamba mpaka musathe kumutsina ndi zala paphewa, kenako mufunditse bulangete kapena jekete pamwamba pa lamba. Jekete, mittens ndi chisoti mukawaveke mukafika.

Ngati mukufuna kukafunda m'galimoto injini ikulira, yambani mwachotsa chipale kuseri pa paipi ya utsi. Ikatsekeka, utsi wa carbon monoxide umalowa mkati, sununkha, ndipo ana ndi amene amayamba kukomoka.

Gama wa ku Brampton: Kwa amene alibe galimoto, ana a zaka 12 kutsika m'munsi salipira pa TTC (mabasi ndi sitima za mu Toronto), ndipo toboggan yapulasitiki imanyamulika. Kungoti muwamasule zipi ndi kuvula zipewa muli m'sitima, asatuluke thukuta.

Bambo a Yamikani: Mukabwerera, zonyowa zonse zivulidwe pakhomo. Tulutsani zamkati za majombo muziyanike padera, m'jombomo mulowetse nyuzipepala. Mittens muziimike kukamwa kuli pansi pafupi ndi potulukira mpweya wofunda, osati pamwamba pa hita yamagetsi. Mukazisiya m'chikwama, Lolemba ana adzapita kusukulu ndi zonyowa. Asambe madzi ofunda pang'ono, osati otentha, n'kudzola mafuta thupi lisanaume, chifukwa mpweya wa nyengo ino umatuwitsa ndi kuyabwitsa khungu.

Nabanda: Zikomo kwambiri nonse. Ndaona kuti Loweruka akuti -4 ndi dzuwa. Mawa ndikagula majombo anga, snow pants, toboggan ziwiri ndi zisoti. Tikayambira kachitunda ka m'paki yathu cha m'ma 11. Funso lomaliza: wamng'onoyo akakana kukwera tikafika, ndimukakamize?

Amake Tadala: Ayi, amayi. Mukhazikeni pa sled muzimukoka pamalo athyathyathya, aone mkulu wake akutsika. Akafuna, yambani ndi mamita 3 kapena 4 kuchokera pansi, inu muli kumbuyo kwake zidendene zili pansi. Kungoti mwana wongokokedwa sakuyenda, ndiye amazizidwa msanga kuposa mnzake. Muyalireni kabulangete pansi pa sled, ndipo mphindi 10 zilizonse atsike ayende yekha kapena akoke chingwe.